LIPENGA LA MTENDERE LIDZALIRA LITI?

Mau kwa Akristu ndi aphunzitsi a m'midzi pa za nkhondo ya ku Ukraine

Chiyambire tsiku la 24 Febuluwale 2022, pamene asilikali a dziko la Russia anaoloka malire nalowa m'dziko la Ukraine, wailesi sinaleke kubweretsa mbiri ya nkhondo imeneyi m'nyumba za anthu. Lero ikuti awa apambana, mawa ikuti awo abwezera. Mwezi uno akuti akuluakulu akumana ndipo mtendere uli pakhomo, mwezi wamawa mabomba akugwanso pa nyumba za anthu ali m'tulo. Akristu ambiri atopa nazo. Ena ayamba kumvera nkhondoyi monga amamvera mpira, kufunsa kuti wagoletsa ndani. Ena angoti ndi za Azungu, za kutali, zosawakhudza. Koma Eklezia, amene ali mai wa mitundu yonse, salola mwana wake kugwa m'mbuna ziwirizi. Iye aphunzitsa kuti Mkristu asamange chiyembekezo chake pa kupambana kwa mfuti, kumene kumasintha ngati mphepo ya pa nyanja, koma achimange pa chilungamo cha Mulungu ndi pa nchito zachifundo zimene anthu odekha amachita nkhondo iri m'kati.

Pa thamanda la ku Gibeoni

Malembo Oyera, m'Buku Lachiwiri la Samuele, mutu 2, asimba za nkhondo ya pachibale imene inabuka atafa mfumu Saulo. Abineri anali kutsogolera asilikali a banja la Saulo, ndipo Yoabu anali kutsogolera asilikali a Davide. Magulu awiriwa anakumana pa thamanda la ku Gibeoni, nakhala pansi, ena tsidya lino, ena tsidya lija. Tsono atsogoleriwo anapangana kuti anyamata 12 a mbali iyi ayesane mphamvu ndi anyamata 12 a mbali inayo, monga ngati masewera. Mnyamata aliyense anagwira mutu wa mnzake namubaya m'nthiti, ndipo onse 24 anagwera pamodzi. Chimene chinayamba ngati masewera a akuluakulu chinasanduka nkhondo yoopsa tsiku lomwelo.

Abineri anagonja nathawa. Asaheli, mbale wa Yoabu, mnyamata waliwiro ngati insa, anamlondola. Kawiri konse Abineri anamchenjeza kuti abwerere, koma iye anakana, ndipo Abineri anamupha ndi mkondo. Dzuwa likulowa, Abineri anaima pamwamba pa phiri ndi anthu ake otsala, napfuulira Yoabu, kumufunsa ngati lupanga lidzangodya anthu osakhuta, ngati sadziwa kuti mathero ake adzakhala owawa, ndiponso kuti adzauza liti anthu ake aleke kupirikitsa abale ao. Yoabu anamva, naomba lipenga, ndipo asilikali onse anaima. Powerenga mitembo anapeza kuti kwa Davide kunafa anthu 20, kwa Abineri kunafa 360.

Koma lipenga lija linaletsa nkhondo ya tsiku limodzi lokha, silinachotse mangawa m'mtima. Patapita nthawi, Abineri anadza ku Hebroni kudzapangana mtendere ndi Davide. Yoabu anamtengera pambali pa chipata namupha, kulipsira mwazi wa Asaheli. Nkhani imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri: kuti ngakhale pakati pa nkhondo yotentha munthu mmodzi angathe kupfuula mau oletsa lupanga, ndipo kuti mtendere umene suchiritsa bala la wofedwa sukhalitsa.

Mmene nkhondo yayendera

Akale anati nkhondo ndi anansi. Anthu a ku Ukraine ndi a ku Russia ndi anansi enieni. Mitundu yonse iwiri imawerenga chiyambi cha Chikristu chao kuchokera pa ubatizo umene unachitika ku Kyiv m'chaka cha 988, ndipo ambiri a iwo, mbali zonse ziwiri, ndi Akristu a mpingo wa Orthodox. Ku Ukraine kulinso Akatolika mamiliyoni angapo, ochuluka a iwo a mwambo wa Kum'mawa, amene mbusa wao wamkulu ndi Ambuye Sviatoslav Shevchuk.

Moto unayamba kunyeka mu 2014, pamene Russia inalanda chigawo cha Crimea, ndipo nkhondo inabuka kum'mawa kwa Ukraine, m'dera la Donbas. Mu Febuluwale 2022 unayaka dziko lonse. Masiku oyamba ambiri anayesa kuti likulu la Kyiv ligwa sabata isanathe, pakuti akasinja a Russia anandanda m'njira yopita kumeneko. Koma pofika kuchiyambi kwa Epulo asilikaliwo anali atabwerera, kusiya mitembo ya anthu wamba m'miseu ya tauni ya Bucha. Mu Meyi mzinda wa Mariupol, umene unali utasanduka bwinja, unagwa m'manja mwa Russia. Mu Seputembala a ku Ukraine anatenganso malo aakulu m'chigawo cha Kharkiv, ndipo pa 11 Novembala analowanso mumzinda wa Kherson anthu akubvina m'miseu. Pamenepo ambiri anayesa kuti Russia yatha.

Sizinatero. Mu Meyi 2023 Russia inatenga Bakhmut, itataya asilikali osawerengeka. Mu Juni chaka chomwecho Ukraine inasonkhanitsa mphamvu zake kuti ibooleze kumwera, koma inakodwa m'minda yokwiriridwa mabomba. Mu Febuluwale 2024 Avdiivka inagwa. Mu Ogasiti 2024 a ku Ukraine anadzidzimutsa dziko lonse polowa m'chigawo cha Kursk, m'dziko la Russia lenilenilo. Koma pofika Malichi 2025 anali atathamangitsidwa m'malo ambiri a kumeneko, Russia itathandizidwa ndi asilikali ochokera ku North Korea. Chaka cha 2025 chinatha Russia ikugwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko la Ukraine, asilikali a mbali zonse akubisala m'ngalande, tindege topanda woyendetsa tikuwasaka usana ndi usiku, ndipo anthu oposa mamiliyoni asanu ali othawa kwao m'maiko ena.

Munthu amene anamanga chiyembekezo chake pa mbiri zimenezi anakwera ndi kutsika nazo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Mudzi umene unatengedwa ndi mbendera ndi nyimbo unatengedwanso ndi ena patapita miyezi, koma anyamata amene anafera pomwepo sanadzuke. Madzi akatayika saoleka.

Eklezia sanena kuti onse ali chimodzimodzi

Pano aphunzitsi achenjere, kuopa kuti angasokeretse anthu. Kudana ndi nkhondo sikutanthauza kunena kuti wolowa m'munda wa mnzake ndi mwini munda ali ndi mlandu wofanana. Eklezia aphunzitsa kuti mtundu umene waputidwa uli ndi ufulu wodziteteza, monga bambo ali ndi udindo woteteza banja lake mbala zikathyola chitseko usiku. Russia ndiyo inaoloka malire, ndipo pa 30 Seputembala 2022 inalengeza kuti zigawo zinai za Ukraine, Donetsk, Luhansk, Zaporizhzhia ndi Kherson, zasanduka zake, chinthu chimene msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unakana. Mu Malichi 2023 bwalo la milandu la ku The Hague linalamula kuti Pulezidenti Vladimir Putin amangidwe pa mlandu wa kutenga ana a ku Ukraine kupita nao ku Russia. Boma la Ukraine linawerenga ana otero oposa 19,000.

Komanso Eklezia yemweyo aphunzitsa kuti ngakhale wodziteteza saloledwa kuchita chiri chonse. Anthu wamba, obvulala ndi akaidi a nkhondo ayenera kulemekezedwa ndi mbali zonse. Ndipo chidani chofuna kuti mtundu wonse wa anthu uonongeke ndi tchimo, angakhale ndani achisunge. Mai wa ku Russia amene alandira mtembo wa mwana wake alira misozi yomweyo imene alira mai wa ku Ukraine, ndipo Yezu Kristu anafera onse awiri.

Papa John XXIII, m'kalata yake yochedwa Pacem in Terris ya mu Epulo 1963, imene analemba patangopita miyezi yochepa dziko litatsala pang'ono kupsa ndi mabomba pa mkangano wa ku Cuba, anaphunzitsa kuti mtendere uli ndi nsanamira zinai: choona, chilungamo, chikondi ndi ufulu. Nyumba yosowa nsanamira imodzi imagwa mvula yoyamba. Mtendere umene ungomata pakamwa pa wolakwiridwa ndi lipenga la Yoabu: lilira madzulo, koma mpeni ulikudikira pa chipata cha Hebroni.

Misonkhano ya akuluakulu

Kukambirana sikunasowe. Mu Malichi 2022 nthumwi za maiko awiriwa zinakumana ku Istanbul, koma zinabalalika osamvana. Mu Juni 2023 atsogoleri a mu Afirika, pamodzi ndi Pulezidenti Cyril Ramaphosa wa ku South Africa ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema wa ku Zambia, anapita ku Kyiv ndi ku St Petersburg kukapempha mtendere, nabwerako chimanjamanja. Mu 2025 Pasaka ya Akatolika ndi ya a Orthodox inagwa tsiku limodzi, pa 20 Epulo, ndipo kunalengezedwa kuti mfuti zikhale chete kwa maora 30. Mbali iri yonse inanena inzake kuti yaswa panganolo. Pa 26 Epulo, tsiku la maliro a Papa Francis, Pulezidenti Donald Trump wa ku America ndi Pulezidenti Volodymyr Zelensky wa ku Ukraine anakhala pa mipando iwiri m'Chalichi cha Petro Woyera ku Roma, nanong'onezana. Pa 15 Ogasiti Trump anakumana ndi Putin ku Alaska. Mu Novembala a ku America anatulutsa mfundo 28 za mtendere, ndipo zinakambidwa ndi kusinthidwa. Chaka chinatha mizinga ikulirabe.

Chimene chimaimitsa onse n'chodziwika. Russia ifuna kuti ipatsidwe dera lonse la Donbas, ngakhale malo amene sinawatenge, ndi kuti Ukraine isalowe m'chigwirizano cha asilikali cha NATO. Ukraine ikana kupereka nthaka ndi anthu ake, ndipo ifuna chikole chotsimikiza kuti ikatula mfuti pansi sadzaiputanso. Sichinthu cha nyuzi ya Eklezia kulosera tsiku limene mfundo imeneyi idzamasuke. Koma pali china chimene wailesi siichula kawirikawiri, ndipo Mkristu ayenera kuchiona.

Mneneri Odedi

M'Buku Lachiwiri la Mbiri, mutu 28, muli nkhani ya masiku a Ahazi mfumu ya Yuda. Asilikali a Israele anagonjetsa abale ao a ku Yuda, nagwira akazi ndi ana 200,000 kupita nao ku Samariya kuti akhale akapolo. Mneneri wina, dzina lake Odedi, anatuluka kukachingamira gulu lopambanalo. Anawadzudzula kuti anapha ndi ukali wofika kumwamba, nawakumbutsa kuti iwonso ali ndi machimo pamaso pa Mulungu, nawauza kuti abweze abale aowo. Akulu anai a pfuko la Efraimu anabvomerezana naye. Tsono amaliseche anawabveka, nawapatsa nsapato, chakudya ndi chakumwa, nawadzoza mafuta, ofooka nawakweza pa abulu, nawaperekeza mpaka ku Yeriko. Odedi sanathetse udani wa maufumu awiriwo. Anangobweza anthu kwao, ndipo Malembo Oyera anasunga dzina lake.

Nchito ya Odedi yachitikanso m'nkhondo ino. Mu Julayi 2022, mothandizidwa ndi United Nations ndi dziko la Turkey, adani awiriwa analola zombo za tirigu ndi chimanga kutuluka m'madooko a Ukraine. M'chaka chimodzi chimene panganolo linakhala, matani pafupifupi 33 miliyoni anatuluka kukadyetsa maiko. Mu 2023 Papa Francis anatuma Kadinala Matteo Zuppi ku Kyiv, ku Moscow, ku Washington ndi ku Beijing, ndipo nchito yaikulu imene inatulukamo inali yothandiza kubweza ana ndi akaidi. Ansembe awiri a chipani cha Redemptorist, Bambo Ivan Levytskyi ndi Bambo Bohdan Heleta, amene anagwidwa ku Berdyansk mu Novembala 2022 chifukwa anatsala ndi nkhosa zao, anamasulidwa pa 28 Juni 2024, ndipo boma la Ukraine linathokoza Likulu la Eklezia pa thandizo lake. Mu Meyi 2025 nthumwi zinakumananso ku Istanbul. Pa za mtendere sizinamvane, koma zinapangana kusinthana akaidi 1,000 mbali iri yonse, ndipo zinachitikadi m'masiku atatu. Mu Juni mitembo ya asilikali yoposa 6,000 inabwezedwa ku Ukraine kuti abale aike m'manda mwaulemu.

Anzeru za dziko amaziyesa zazing'ono zimenezi. Koma mai amene mwana wake watsika m'basi atakhala m'ndende zaka ziwiri saziyesa zazing'ono. Ndipo mdani amene wasunga pangano pa za akaidi waphunzira kuti mau a mnzake angathe kukhulupirika pang'ono. Pa kanjira kameneka m'pamene mtendere umadzera.

Zimene anaona a kuno

Akristu achikulire a ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza safunika kuuzidwa zambiri. Iwo anaona anthu a ku Mozambique akuoloka malire ndi akatundu pamutu, kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kufikira othawawo anapitirira miliyoni imodzi m'Malawi. Nkhondo ija inayamba mu 1977, ndipo nayonso inasinthasintha: boma linkatenga tauni, zigawenga n'kulandanso, popanda wogonjetsa mnzake. Ambiri ankati sidzatha.

Maepiskopi a ku Mozambique anapempha kosalekeza kuti adaniwo akambirane, ngakhale pa nthawi imene mau otero anali kuyesedwa kupandukira boma. Mu Julayi 1990 nthumwi za mbali ziwirizo zinayamba kukumana ku Roma, ku nyumba ya bungwe la Akristu la Sant'Egidio. Pakati pa ankhoswe panali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira, ndi wansembe wina wa ku Roma: Matteo Zuppi yemwe uja, amene pambuyo pake anatumidwa ku Kyiv ndi ku Moscow. Anakambirana zaka ziwiri ndi miyezi itatu, anthu akufabe kumudzi, ndipo ena anali kuwaseka kuti akungodya ndi kumwa ku Ulaya. Pa 4 Okutobala 1992, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, ndipo othawa aja anabwerera kukalima minda yao. Ngakhale mtendere umenewo unafuna kuusokanso, pakuti mfuti zinaliranso mu 2013 ndipo pangano lina linasainidwa mu 2019. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhondo ya ku Ukraine nayonso yafika kale pakhomo la mlimi wa kuno. Russia ndi limodzi la maiko ogulitsa feteleza wambiri, ndipo maiko awiriwa amagulitsa tirigu wochuluka. Nkhondo itabuka mitengo ya feteleza, mafuta ndi buledi inakwera. Wonena kuti ndi za kutali aiwala thumba la feteleza limene analephera kugula.

Chimene Mkristu achite

Choyamba, apemphere osatopa. Pa 25 Malichi 2022 Papa Francis anapereka Russia ndi Ukraine kwa Mtima Wosadetsedwa wa Maria, maiko onse awiri pamodzi. Papa Leo XIV, amene anasankhidwa pa 8 Meyi 2025, anayamba utumiki wake ndi moni wa mtendere, napereka Vatican kuti akhale malo okumanirana adaniwo. Anaika tsiku la 22 Ogasiti 2025 kukhala la mapemphero ndi kusala chakudya, napempha kuti mwezi wonse wa Okutobala Akristu anene Korona chifukwa cha mtendere. Aphunzitsi potsogolera mapemphero a Lamulungu kumene kulibe wansembe asaiwale kuchula obvutika ndi nkhondo: akaidi, ana otengedwa, amasiye ndi atsogoleri a mbali zonse. Pemphero lisakhale la tsiku limene wailesi yabweretsa mbiri yabwino lokha. Tsiku limene misonkhano yalephera ndilo lifuna pemphero koposa.

Chachiwiri, asunge lilime lake. Asakondwere pakumva kuti asilikali zikwi afa, angakhale a mbali iti. Asafalitse mphekesera zimene sadziwa gwero lake, pakuti bodza ndi chida cha nkhondo monga mfuti.

Chachitatu, achite nchito ya Odedi pamene ali. Pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi thamanda lake la Gibeoni: abale awiri okanganira malire a munda, banja ndi banja losapatsana moni chifukwa cha ufumu, Akristu a limana limodzi osalankhulana chiyambire chisankho. Munthu sangapemphe Mulungu moona kuti ayanjanitse Kyiv ndi Moscow pamene iye akana kukhala pa mphasa imodzi ndi mlamu wake. Wolakwa abvomere ndi kubweza chimene analanda. Wolakwiridwa atule mpeni wa Yoabu ku Sakramenti la Kulapa. Ndipo mphunzitsi alimbe mtima kuima pakati, ngakhale mbali zonse zimunyoze, ngakhale mlandu utenge zaka ziwiri ndi miyezi itatu.

Tsiku la mtendere wa ku Ukraine adziwa ndi Mulungu. Chimene anaika m'manja mwa anthu ndi kupfuula monga Abineri, kubweza amikoli monga Odedi, ndi kudekha monga ankhoswe a ku Roma. Ambuye Yezu, amene anauza Petro kuti abweze lupanga m'chimake, nachiritsa khutu la munthu wodzamgwira, afewetse mitima ya olamulira. Maria Virgo Woyera, Mfumukazi ya Mtendere, apempherere ana ake a ku Ukraine ndi a ku Russia, ndi onse olira chifukwa cha nkhondo. Amen.